Oweruza Amapenya Potera, Nanga Ponyamukira?

Anzanga acinyamata, kodi munaonererako pa wailesi yakanema kapena pa foni masewera aja amene munthu amavala nsapato zokhala ndi mpeni kunsi kwake, n'kumatsetsereka pa madzi oundana kwinaku nyimbo ikulira? Eni ake amawachula figure skating. Ngati munaonererako, ndikhulupirira kuti munakumana ndi cinthu cimene cimazunguza mutu aliyense woyamba kumene. Mtsikana wina amalumpha, kuzungulira m'malere ngati nguli, n'kutera bwinobwino, khamu lonse n'kuimirira kuomba m'manja. Pambuyo pake pamabwera mnzake, kulumpha, n'kugwa pansi kuti khu! Koma mapointi akatuluka mupeza kuti wakugwa uja ndiye ali pamwamba. Apa ambiri amangoti, “Oweruza awa adya ziphuphu,” n'kusintha siteshoni.

Musafulumire kutero. Zoona, cinyengo cinacitikapo m'masewerawa, ndipo tikambako. Koma kawirikawiri oweruza amakhala akuona zinthu zimene inu ndi ine sitinazione, cifukwa maso athu amakhala pa nkhope ndi pa zovala zonyezimira, pamene ao amakhala ku mapazi. Dandaulo langa ndi lina. Malamulo a masewerawa amafufuza mosamala kwambiri mmene munthu watera, koma amalekerera mmene wanyamukira. Kuti mumvetse kukula kwa vuto limeneli, tiyenera kuyamba ndi nsapato.

Mpeni wa mbali ziwiri

Mpeni wa kunsi kwa nsapato ndi wopyapyala, pafupifupi mamilimita 4, ndipo anaugoba kangalande kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Motero mpeni umodzi uli ndi mbali ziwiri zakuthwa: yam'kati, imene yayang'ana phazi linzake, ndi yakunja. Munthu akapendekera mbali imodzi amayenda mokhota, osati molunjika. Kutsogolo kwa mpeniwo kuli mano onga a sowo, obayira ayezi polumpha.

Malumphidwe amene amawerengedwa pa mpikisano alipo 6. Atatu munthu amanyamukira pa mbali yakuthwa ya mpeni popanda thandizo la mano: Salchow, loop ndi Axel. Pa atatu enawo amabaya ayezi ndi mano a phazi linalo kuti adzikankhe, monga mmene mungadzikankhire ndi ndodo polumpha ngalande: toe loop, flip ndi Lutz. Ena mwa mainawa ndi a anthu amene anayambitsa malumphidwewo. Axel Paulsen wa ku Norway anaonetsa kalumphidwe kake mu 1882, Ulrich Salchow wa ku Sweden mu 1909, ndipo Alois Lutz wa ku Austria mu 1913. Onse 6 amatera mofanana: cafutambuyo, pa phazi limodzi, pa mbali yakunja ya mpeni. M'malere namo amaoneka ofanana ndithu. Cimene cimasiyanitsa Lutz ndi flip, kapena Salchow ndi loop, ndi ponyamukira pokha basi. Sungani mfundo imeneyi, tidzaifuna kutsogoloku.

Axel ndiye wosavuta kumuzindikira, cifukwa ndi yekhayo amene munthu amanyamuka atayang'ana kutsogolo. Popeza kutera kwake n'kwa cafutambuyo, Axel ali ndi theka la kuzungulira loonjezera. Akati Axel wa katatu, ndiye kuti munthu wazungulira katatu ndi theka.

Lutz ndi flip ndi mapasa osiyana khalidwe. Pa flip munthu amanyamukira pa mbali yam'kati, ndipo thupi limazungulira kutsata kumene linali kukhotera kale. Pa Lutz amanyamukira pa mbali yakunja, kutanthauza kuti akukhotera uku koma ayenera kuzungulira uko. N'cifukwa cake Lutz ndi wovuta ndipo mtengo wake ndi wokwera. N'cifukwa cakenso ambiri amamubera: kamphindi komaliza phazi limapendekera m'kati, ndipo cimene wacita ndi flip wovala malaya a Lutz.

Zocitika m'malere

Munthu amakhala m'malere nthawi yosakwana sekondi imodzi, ndipo m'kanthawi kameneko ayenera kuzungulira katatu kapena kanai. Mphamvu yozungulira sangaipeze ali m'mwamba ai. Yonse amaitenga pansi asananyamuke. Cimene angacite m'mwamba ndi kusintha liwiro lake cabe. Yesani nokha. Khalani pa mpando wozungulira uja wa mu ofesi, mnzanu akuzungulitseni mutatambasula manja, kenaka pindani manjawo pa cifuwa. Mudzaona liwiro likuonjezeka popanda wokukankhaninso.

Ndiye wosewera akangocoka pansi amakumbatira manja pa cifuwa, kupingasa miyendo pa akakolo, thupi lonse kuongoka ngati munsi. Akacedwa kufinya thupi, kuzungulira sikukwanira. Akacedwa kulimasula, amatera akali kuzungulira ndipo amagwa. Thupi likapendekeka m'malere amatera cam'mbali, n'kuyamba kupalasa manja kuti asagwe.

Njira zoonadi zokwaniritsira kuzungulira zilipo ziwiri. Ungalumphe m'mwamba kwambiri kuti upeze nthawi, kapena ungazungulire mwaliwiro kwambiri m'nthawi yocepa. Njira yaciwiriyi imakomera anthu a matupi aang'ono, opyapyala m'ciuno ndi m'mapewa. Palinso njira yacitatu, imene ili pakati pa nkhani yathu, koma iyembekezeni pang'ono.

Masiku a 6.0

Kwa zaka zambiri woweruza aliyense ankapereka manambala awiri cabe, ina ya luso ndi ina ya kukongola kwa kavinidwe, ndipo yapamwamba kwambiri inali 6.0. Panalibe pepala losonyeza kuti kulumpha kwakuti kwapata zingati. Wosewera akaluza, cifukwa cake ankangociganizira yekha.

Taganizani za Surya Bonaly, mtsikana wacikuda wa ku France. Anali katswiri wa ku Ulaya kasanu motsatizana, kuyambira 1991 mpaka 1995, ndipo mphamvu zake polumpha panalibe wozikana. Koma omutsutsa ankati amathamangira kulumpha molunjika, mpeni uli cafulati, osagwiritsa nchito mokwanira mbali zake zakuthwa. Mu 1994, pa mpikisano wa dziko lonse ku Chiba m'dziko la Japan, oweruza 5 anasankha Yuka Sato wa ku Japan, ndipo 4 anasankha Bonaly. Bonaly anayamba wakana kukwera pa nsanja, ndipo atamuveka mendulo yasiliva anaivula pamaso pa anthu onse. Kodi analuza cifukwa ca kayendetsedwe ka mpeni? Kapena cifukwa ca khungu lake? Kapena poti mpikisano unali kwao kwa mnzakeyo? Anthu akali kukangana mpaka lero, cifukwa manambala awiri aja safotokoza kanthu. Pa Olimpiki ya ku Nagano mu 1998, ataona kuti mendulo yamuthawa, anadzigudubuza m'malere cagada, mutu pansi miyendo m'mwamba, n'kutera pa phazi limodzi. Zinali zoletsedwa, anamucotsera mapointi, ndipo anathera pa nambala 10. Ciletso cimeneco cinacotsedwa mu 2024.

Cimene cinagwetsa 6.0 ndi Olimpiki ya ku Salt Lake City mu 2002. Pa mpikisano wa osewera awiriawiri, mendulo yagolide inapita kwa Elena Berezhnaya ndi Anton Sikharulidze a ku Russia, patsogolo pa Jamie Salé ndi David Pelletier a ku Canada. Kenaka zinamveka kuti woweruza wa ku France, Marie-Reine Le Gougne, anakakamizidwa pa kavotedwe kake. Anamuimitsa zaka zitatu, a ku Canada anapatsidwanso golide, ndipo mu 2004 bungwe loyendetsa masewerawa la ISU linakhazikitsa kawerengedwe katsopano.

Kulumpha kulikonse ndi mtengo wake

M'njira yatsopanoyi muli magulu awiri. Loyamba ndi la akatswiri atatu okhala ndi vidiyo. Nchito yao ndi kuchula dzina la kulumpha, kuwerenga kuzungulira, ndi kuona mbali ya mpeni imene munthu wanyamukira. Kulumpha kulikonse kuli ndi mtengo wake, ngati katundu wa m'sitolo. Pa ndandanda imene inayamba kugwira nchito mu 2018, toe loop wa katatu anamuika pa 4.20, flip wa katatu 5.30, Lutz wa katatu 5.90, Axel wa katatu 8.00, ndipo Lutz wa kanai 11.50.

Gulu laciwiri ndi la oweruza 9. Awa amayesa ubwino wa kacitidwe, ndipo kuyambira 2018 amapereka nambala ya pakati pa -5 ndi +5. Sitepe iliyonse imaonjezera kapena kucotsa 10 peresenti ya mtengo uja. Nambala yapamwamba kwambiri ndi yapansi kwambiri amazitaya, kuti woweruza mmodzi wokondera asasokoneze zinthu. Amayang'ana kutalika kwa kulumpha kupita m'mwamba ndi kupita patsogolo, kunyamuka ndi kutera kwabwino, kusaoneka kuvutikira, masitepe ovuta asanalumphe, kaimidwe ka thupi kuyambira ponyamuka mpaka potera, ndiponso kugwirizana ndi nyimbo.

Tsopano tiwerenge pamodzi nkhani ya wakugwa uja. Munthu wacita Lutz wa kanai, wazungulira kokwanira, koma wagwa. Oweruza apereka -5, ndiye theka la 11.50 lapita, kwatsala 5.75. Acotsenso pointi imodzi ya kugwa, kwatsala 4.75. Mnzake wacita toe loop wa katatu wosalakwa koma wosadabwitsa, wapata 4.20. Mwaona? Palibe ciphuphu apa. Mungadane nalo lamulolo, ndipo ine ndimaona kuti kugwa kuyenera kupweteka koposa apa, koma masamu ake ali poyera.

Pa nkhani ya potera, malamulo ndi okhwima zedi. Mpeni ukakhudza ayezi kuzungulira kutaperewera ndi kota yeniyeni, amalemba cilembo ca q, ndipo oweruza amatsitsa nambala ya kacitidwe. Kukaperewera koposa kota koma osafika theka, amalemba cizindikiro ca <, mtengo n'kutsika kufika pa 80 peresenti. Kukaperewera theka kapena kuposa, amalemba <<, ndipo kulumpha kwa katatu amakuwerenga ngati kwa kawiri. Lutz wa katatu wa 5.90 uja amasanduka wa 2.10. Zonsezi amaziona pa vidiyo yoyendetsedwa pang'onopang'ono, cithunzi ndi cithunzi.

Sindifuna kubisa ubwino wa njira imeneyi. Pa Olimpiki ya ku Vancouver mu 2010, Evgeni Plushenko wa ku Russia anacita kulumpha kwa kanai, pamene Evan Lysacek wa ku America sanayese n'komwe. Koma Lysacek ndiye anapambana, 257.67 kwa 256.36. A ku Russia anakwiya kwambiri. Komabe mukaonera vidiyo muona kuti Plushenko ankapendekeka m'malere pa malumphidwe angapo n'kumadzipulumutsa potera, pamene a Lysacek anali oongoka ndi oyera. Mapointi aang'onoang'ono a kacitidwe ataunjikana anakwirira phindu la kulumpha kwa kanai kuja. M'masiku a 6.0 tikanangokangana. Apa pepala lilipo, aliyense angawerenge.

Nayenso Mao Asada wa ku Japan anaumva ukali wa njirayi. Akatswiri atayamba kulemba cilembo ca e pa Lutz wonyamukira mbali yolakwika, Lutz wake anagwidwa kangapo, mpaka ku Vancouver sanamuike n'komwe, ngakhale kuti anatera Axel wa katatu maulendo atatu pa mpikisano umodzi. Pambuyo pake anapita kwa mphunzitsi Nobuo Sato kukayambiranso malumphidwe ake kucokera pansi, ali kale katswiri wa dziko lonse. Pamafunika mtima kuti munthu wochuka abwerere ku giredi 1. Ku Sochi mu 2014, atathera pa nambala 16 tsiku loyamba, anabwera tsiku laciwiri n'kucita mitundu yonse 6 ya malumphidwe a katatu, anthu n'kulira misozi m'bwalo. Koma pa pepala Lutz uja anamulembabe e. Vidiyo ilibe cisoni.

Manja m'mwamba, mwendo wokulunga

Tibwerere m'malere, pakuti kaimidwe ka thupi kali ndi mbiri yake yoseketsa. Brian Boitano wa ku America, amene anapata golide ku Calgary mu 1988, ankacita Lutz dzanja limodzi ataliimika pamwamba pa mutu. Cinali cizindikiro cake, ndipo mpaka lero kaimidwe kameneka amakachula Tano, kucokera ku dzina lake. Patapita zaka, Adam Rippon anachuka ndi kuimika manja onse awiri. N'zovuta ndithu, cifukwa dzanja likacoka pa cifuwa thupi limafuna kupendekeka.

Tsono malamulo a kacitidwe a caka ca 2018 cisanafike anaika kusintha kaimidwe m'malere pa mndandanda wa zinthu zopatsa mapointi oonjezera. Mukudziwa kale cimene cinatsatira. Aphunzitsi nao amawerenga malamulo. Evgenia Medvedeva wa ku Russia, katswiri wa dziko lonse mu 2016 ndi 2017, ankaimika dzanja pa malumphidwe ake ambiri, ndipo ana ambirimbiri anatengera. Cinthu cimene cinali cokometsera ca apo ndi apo cinasanduka ngati ana a sukulu oimika dzanja kuti aphunzitsi awaone. Ena dzanjalo linkakhala lopindika pa cigongono, losakongola n'komwe, koma bokosi la pa mndandanda linali litadzazidwa. Mu 2018 ISU inacotsa mfundo imeneyi n'kuikapo ya kaimidwe kabwino ka thupi kuyambira ponyamuka mpaka potera. Anacita bwino. Koma phunziro lake tisalitaye: cimene lamulo lilipira ndico ana amaphunzitsidwa, kaya n'cabwino kaya n'copanda pake.

Mbali inayo ya nkhaniyi ndi Midori Ito wa ku Japan. Anali wamfupi, pafupifupi masentimita 145, koma ndiye mkazi woyamba kutera Axel wa katatu pa mpikisano, mu 1988, ndipo anapambana mpikisano wa dziko lonse ku Paris mu 1989. Kaimidwe kake m'malere sikanali ka m'buku. M'malo mopingasa miyendo pa akakolo, mwendo wina ankaukulunga m'mwamba ca ku bondo, cinthu cimene aphunzitsi amaletsa cifukwa cimacepetsa liwiro. Nanga ankakwanitsa bwanji? Ankalumpha m'mwamba modabwitsa, moti nthawi inkamukwanira ngakhale thupi lisanafinyike bwino. Mu 1991 ku Munich analumphira pafupi kwambiri ndi mpanda mpaka anatulukira kunja kwa bwalo pamalo a kamera, n'kudzuka, n'kubwerera kukapitiriza! Woweruza wongotsata cithunzi ca m'buku angamucotsere mapointi pa mwendo uja. Ine ndikuti mwendo wokulungawo unali umboni wa mphamvu zake. Kaimidwe ka m'malere n'kofunika cifukwa ca nchito imene kamagwira, osati cifukwa ca kuoneka bwino pa cithunzi.

Njira yacitatu ija

Tsopano tafika pa dandaulo langa lenileni. Ngati sungathe kulumpha m'mwamba ngati Ito, ndipo liwiro lako m'malere lafika pamapeto, ungayambe kuzungulira ukali pansi. Kulumpha kulikonse kuli nako pang'ono kuzungulira kwa pansi kumeneku, makamaka loop, Salchow ndi toe loop, cifukwa thupi silingacoke pa ayezi ngati cipolopolo. Koma pa Lutz ndi flip, mano a mpeni ayenera kungobaya n'kucoka. Osewera ena m'malo mobaya amakhazika pafupifupi mpeni wonse pansi, n'kupota thupi pamenepo mpaka atayang'ana kutsogolo, ndiye n'kunyamuka.

Tiwerengenso. Kuzungulira katatu ndi madigiri 1080. Munthu akapota theka ali pansi, acotsa 180. Akatera kutaperewera pang'ono osafika kota, palibe cizindikiro cimene alembedwa, ndiye acotsanso pafupifupi 90. M'malere wazungulira pafupifupi 810 cabe, kawiri ndi kota, koma walandira mtengo wonse wa katatu. Mnzake amene wanyamuka msanga n'kutera atamaliza, amene wagwira nchito yaikulu ndi yoopsa kwambiri, walandira mtengo womwewo. Kodi pamenepa pali cilungamo?

Lamulo loletsa lilipo. Buku la akatswiri atatu aja limanena kuti munthu akanyamuka atayang'ana kutsogolo moonekeratu pa kulumpha koyenera kunyamuka cafutambuyo, kulumphako kutsitsidwe. Koma kwa zaka zambiri buku lomwelo linawauza kuti poweruza zimenezi aonere vidiyo pa liwiro lake la masiku onse, osati pang'onopang'ono. Taonani kusiyana kwake. Potera amapenya ndi galasi lokulitsa, ponyamukira amapenya ndi maso wamba cinthu cocitika m'kuphethira kwa diso. Zili ngati kuuza woyimbira mpira kuti vidiyo aigwiritse nchito poona ngati mpira wadutsa mzere, koma asaigwiritse nchito poona ngati womwetsayo anaugwira ndi dzanja. Ndipo kumbukirani mfundo ndinakusungitsani ija: dzina la kulumpha, ndi mtengo wake womwe, zimacokera ponyamukira. Akulu anati mmera mpoyamba.

Kuti muone Lutz weniweni, funani vidiyo ya Kim Yuna wa ku South Korea ku Vancouver. Amabwera ndi liwiro lalikulu, phazi lili pa mbali yakunja mpaka kumapeto, mano kubaya kamodzi kokha, thupi n'kukwera kaye lisanayambe kuzungulira. Lutz wa katatu wolumikiza ndi toe loop wa katatu anali ndi mtengo wa 10.00 nthawi imeneyo, ndipo oweruza anamuonjezera 2.00 masiku onse awiri. Anapambana ndi 228.56. Apa mapointi a kacitidwe anagwira nchito yake. Vuto ndi lakuti m'zaka zotsatira tinaona malumphidwe otsika, opotedwa pansi, akulandira mapointi oonjezera ofanana ndi amenewa, makamaka ngati wosewerayo anali kale ndi dzina.

Mkangano unakula kwambiri m'zaka za 2018 mpaka 2022, pamene atsikana aang'ono a gulu la mphunzitsi Eteri Tutberidze ku Moscow anayamba kucita malumphidwe a kanai. Oonera ambiri ankayendetsa vidiyo pang'onopang'ono kunyumba kwao n'kumafunsa kuti kodi Lutz wa kanai uyu ndi wa kanai zoona. Ine sindiimba mlandu anawo. Mwana wa zaka 14 amacita zimene wauzidwa, ndipo ngakhale ndi kupota kwa pansi, zimene ankacita n'zovuta koopsa. Koma kalumphidwe kodalira thupi lopepuka ndi kupota msana kali ndi tsiku lake lothera, cifukwa mwana amakula. Yulia Lipnitskaya anapata golide wa timu ku Sochi ali ndi zaka 15, n'kusiya masewera mu 2017 ali ndi zaka 19. Alina Zagitova anapambana Olimpiki ya 2018 ali ndi zaka 15, ndipo pofika kumapeto kwa 2019 anali ataleka kupikisana. Aliyense anali ndi zifukwa zake, ndipo sindinganene kuti zonse zinacokera ku kalumphidwe. Komabe mu 2022 ISU yeniyeniyo inaona kuti zinthu sizili bwino, ndipo inakweza msinkhu wolowera mipikisano ya akulu pang'onopang'ono, kucoka pa zaka 15 kufika pa 17 mu 2024. Kukweza zaka n'kwabwino, koma ndiona ngati kutseka zenera n'kusiya citseko. Ngati kupota kwa pansi kukali kulipidwa mokwanira, aphunzitsi adzapitiriza kukuphunzitsa kwa ana a zaka 8.

Yerekezani ndi Kaori Sakamoto wa ku Japan. Popanda kulumpha kwa kanai, popanda Axel wa katatu, anatenga mendulo ya bronze ku Beijing mu 2022 ali ndi zaka 21, n'kupambana mpikisano wa dziko lonse mu 2022, 2023 ndi 2024. Kuyambira nthawi ya Peggy Fleming, amene anatero mu 1966 mpaka 1968, panalibe mkazi wina anapambana katatu motsatizana. Cida cake cinali liwiro ndi kutalika. Axel wake wa kawiri ankauluka mtunda wautali, n'kutera ndi liwiro lomwe ananyamuka nalo. Tinene zoona, a ku Russia anali ataletsedwa pa mipikisano imeneyo, ndipo Lutz wa Sakamoto naye ankalembedwa zizindikiro za mbali yokayikitsa. Koma anaonetsa kuti kalumphidwe kocokera ku mphamvu ya miyendo ndi ya mpeni kamakula limodzi ndi mwini wake.

Oteteza malamulo ali ndi yankho lao, ndipo si lopusa. Amati kufufuza ponyamukira pa kulumpha kulikonse kungatalikitse mpikisano, komanso n'kovuta kugwirizana kuti mpeni wacoka pansi pa cithunzi citi ceniceni, makamaka kamera ikaima mbali imodzi ya bwalo. Amatinso palibe kulumpha kopanda kupota kwa pansi, ndiye malire uwaika pati? Ndivomera kuti malire ndi ovuta. Koma malire a kota potera naonso anacita kuikidwa ndi anthu, ndipo anthu anazolowera. Zipangizo nazo zilipo. Pa mpikisano wa dziko lonse ku Saitama mu 2019, wailesi yakanema ya ku Japan inkapima malumphidwe n'kuonetsa manambala kwa oonera kunyumba. Axel wa katatu wa Yuzuru Hanyu anapezeka wokwera pafupifupi masentimita 70 ndi wouluka mamita oposa atatu ndi theka. Tangoganizani: munthu wokhala pa mpando kunyumba anali ndi muyeso, pamene woweruza m'bwalo, amene lamulo likumufunsa ngati kulumphako kunali kotalika kwambiri, ankangoyesa ndi maso.

Ngakhale mitengo ija ili ndi pokayikitsa. Pa 14 September 2022 ku Lake Placid, Ilia Malinin wa ku America, ali ndi zaka 17, anakhala munthu woyamba kutera Axel wa kanai pa mpikisano. Kumeneko ndi kuzungulira kanai ndi theka. Hanyu anali atayesa ku Beijing miyezi ingapo m'mbuyomo, koma kuzungulira kunaperewera ndipo anagwa. Mtengo wake? 12.50, kuposa Lutz wa kanai ndi pointi imodzi yokha, pamene Axel wa katatu amaposa Lutz wa katatu ndi 2.10. Cinthu cimene anthu anacilephera zaka zonsezi anaciika pafupi ndi Lutz amene wina angamupeze mwa kupota theka ali pansi.

Ulendo wina mukamaonera, yesani izi. Osewera ambiri amazungulira kulowera kumanzere ndipo amatera pa phazi lamanja. Mukaona wina akutsetsereka cafutambuyo mtunda wautali pa phazi lamanzere kulowera ku ngodya ya bwalo, dziwani kuti kukubwera Lutz. Siyani nkhope, siyani zovala, penyani phazi lamanzerelo: kodi lakhalabe lopendekera kunja, kapena lagudubukira m'kati? Kenaka penyani lamanja: kodi labaya ndi mano n'kucoka, kapena lakhazikika n'kupota? Ngati muli pa foni, yendetsani vidiyoyo pang'onopang'ono, ndipo imitsani pamene mpeni ukucoka pa ayezi. Mukapeza kuti cifuwa cayang'ana kale kumene munthuyo akupita, ndiye kuti theka la kuzungulira lacitikira pansi. Mukatero funani pepala la mapointi, limene ISU imaika pa intaneti mpikisano ukatha, ndipo muone pa mzere wa Lutz ameneyo ngati pali cizindikiro ciliconse.